Ululu ukatha sikuti fupa lalumikizana

Ndatopa nawo mawu omwe akhala akumveka m'mabwalo a mpira kwa zaka zambiri: akuti wosewera akathyoka mwendo, mungomuthowa ndi madzi otentha n'kumutikita, ululu ukatha achotse pulasitala abwerere m'bwalo. Izi si zoona.

Fupa likathyoka, thupi limayamba lamanga kachiwalo kofewa pothyokapo, kamene kamalimba pang'onopang'ono mpaka kusanduka fupa. Ululu umatha msanga, fupa lisanakhwime. Mafupa ambiri amafuna masabata 6 mpaka 8, koma la msongolo, lomwe osewera mpira amathyoka kawirikawiri, limatha kutenga miyezi 3 mpaka 6. Kulitikita kapena kulipondera nthawi isanakwane kumasuntha zidutswa, mwendo n'kupola mokhota.

Zothandiza zilipo: usipa wodya ndi minga yake, mkaka, mazira, nyemba, kusiya fodya chifukwa amachedwetsa kupola, komanso mafizo omwe achipatala apereka.

Mukakayika, pemphani dokotala akuonetseni chithunzi cha X-ray, mudzionere nokha ngati mng'alu watsekeka. Uthenga wolonjeza kupoletsa fupa m'masiku ochepa ukakufikani pafoni, chonde musautumize kwa ena musanafunse kuchipatala.