Mphika suwira, chimawira ndi madzi

Chaka chilichonse ndikamachonga ntchito za ophunzira anga a sayansi ya zinenero ndimakumana ndi cholakwika chomwechomwecho, mpaka chandikola. Munthu akangoona mawu amene sakunena chinthu mwachindunji, basi walemba kuti ndi metaphor. "Mphika wawira," metaphor. "Capital Hill yakana," metaphor. Ayi, abale anga. Funsani kaye: kodi madzi ali ngati mphika? Kodi boma likufanana ndi kaphiri ka ku Lilongwe? Sizifanana. Zimangopezeka pamodzi, ndiye timatchula chimodzi pofuna kuloza chinzake. Imeneyo ndi metonymy. Koma mukati munthu uja ndi fisi, mwatenga zinthu ziwiri zotalikirana n'kuzifanizira, ndipo apo ndiye pa metaphor.

Vuto lachiwiri limabwera poika metonymy m'magulu. Mu 1980 akatswiri awiri, George Lakoff ndi Mark Johnson, anapereka mitundu isanu ndi iwiri, monga mbali kuimira chinthu chonse, wopanga kuimira chopangidwa, ndi malo kuimira bungwe. Ophunzira amailoweza ngati malamulo khumi. Sikuti anthu awiriwa ankati mitundu yathera pomwepo. Akatswiri ena, Günter Radden ndi Zoltán Kövecses, mu 1999 anafunsa funso lina: kodi ubale uli pakati pa chinthu chonse ndi mbali yake, kapena pakati pa mbali ziwiri za chinthu chimodzi? Tikati "mutu umodzi susenza denga," mutu ukuimira munthu yense. Tikati "tiyeni tidye nsima," palibe amene amayembekezera nsima yopanda ndiwo. Koma "adya thukuta lake" ndi zina: apa ubale uli pakati pa mbali ziwiri za chinthu chimodzi. Thukuta ndi chotsatira cha ntchito, ndipo likuimira zimene ntchitoyo yabala. Ndaonapo ambiri akuliika m'gulu la ziwalo za thupi chifukwa choti limatuluka m'thupi. Apo mwayang'ana kumene thukuta lachokera, mwaiwala chimene mawuwo akuloza.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi kukopera zitsanzo za Chingerezi. M'mabuku a Chingerezi muli chitsanzo chotchuka cha woperekera zakudya amene amatchula kasitomala ndi dzina la chakudya chimene waitanitsa. Ophunzira amangotembenuza n'kulemba kuti "chambo akufuna bilu." Pitani mu lesitilanti iliyonse mukamvetsere. Mtsikana woperekera zakudya anena kuti "wa chambo uja akufuna madzi." Ka "wa" kameneko katchula kale munthu, ndiye metonymy yafooka kapena yatheratu. Chichewa chili ndi njira yakeyake, ndipo nthawi zina mgwirizano wa mawu ndiwo umaulula. Timati "mudzi wonse unalira," mneni akutsata mudzi, chonsecho olira ndi anthu. Zitsanzo zathu zili mbwee: Kolugeti kutanthauza mankhwala otsukira mano a mtundu uliwonse, "akagona ku Maula" kutanthauza ndende, mpando kutanthauza udindo.

Pali mtsikana wina amene sindimuiwala. Anali wanzeru ndithu, koma anazengereza kafukufuku wake mpaka kutatsala masabata atatu. Atapanikizika anapita kwa anyamata aja olembera anthu pa ndalama, amene amadzitcha akatswiri a phunziro lililonse. Anamupatsa chaputala chathunthu cha magulu a metonymy oposa 20 otoledwa pa intaneti, zitsanzo zotembenuzidwa mwachisawawa. Nditamufunsa chifukwa chimene anaikira "mtima wanga uli m'mwamba" pa gulu la chiwalo kuimira munthu, anangoti kukamwa yasa. Anabwereza chaka. Anyamata olembera anthuwa ndi asing'anga abodza, amakugulitsani mizu youma. Akanabwera kwa ine mwezi woyamba ndi ziganizo khumi zokha zimene wamva pamsika, tikanagwira ntchito yabwino.

Chondivutitsa mpaka lero n'chakuti funso ndinamufunsalo ndi lovuta kwa inenso. Munthu akachita mantha mtima umagundadi mwamphamvu, ndiye kutchula mtima poloza nkhawa ndi metonymy. Koma mtima sukwera kupita m'mwamba, ndipo tikati "khazikani mtima pansi" palibe chimene chimatsika. Kukwera ndi kutsikako ndi metaphor. Ziwirizi zalukana m'chiganizo chimodzi, ndipo Louis Goossens mu 1990 anachita kuzipangira dzina, metaphtonymy. Mtsikana uja akanangondiyankha kuti "aphunzitsi, apa pali zonse ziwiri," ndikanamupatsa malikisi. Pepala limene anagula linalibe bokosi la yankho lotero, ndipo iye anali asanakhalepo pansi n'kumvetsera chiganizocho yekha.