Mbiri ya mate, chakumwa cha Aguarani chomwe chinafika mpaka ku Syria

Ku Argentina, Uruguay, Paraguay ndi kumwera kwa Brazil, anthu akakhala pamodzi sipachedwa kutuluka chikho chodzaza ndi masamba ouma a mtengo wotchedwa yerba mate, momwe amazikamo kapaipi kachitsulo kokhala ndi sefa kumunsi kwake, kotchedwa bombilla. Munthu mmodzi ndiye amathira madzi otentha koma osawira, n'kumwa yekha chikho choyamba chifukwa ndicho chimawawa kwambiri, kenako amathiranso madzi n'kupatsira mnzake. Aliyense amamwa mpaka madzi atatha n'kubweza chikhocho kwa wothirayo, ndipo chimazungulira chotero monga chimachitira chipanda cha mowa wamasese pabwalo. Kapaipiko sikagwedezedwa, ndipo munthu amathokoza pokhapokha akafuna kusonyeza kuti wakwana.

Mwambowu unayamba ndi Aguarani, mtundu wa eni nthaka a kumeneko, omwe ankathyola masamba a mtengowu m'nkhalango za kumtunda kwa mitsinje ya Paraná ndi Paraguay azungu asanafike. Anthu a ku Spain atamanga mzinda wa Asunción, womwe lero ndi likulu la Paraguay, mu 1537, anatengera chizolowezichi mofulumira, moti bwanamkubwa Hernando Arias de Saavedra anayesa kuchiletsa poona ngati chimalowetsa ulesi, koma chiletsocho sichinaphule kanthu. Mate unasanduka malonda aakulu opita ku Buenos Aires, Chile, Lima ndi ku migodi ya siliva ya Potosí.

Apa ndi pomwe mbiriyi imawawa, ndipo si bwino kuidumpha. Mitengoyi inkamera yokha kutali m'nkhalango za Mbaracayú, choncho atsamunda ankakakamiza Aguarani kukakhala kumeneko miyezi yambiri akudula nthambi, kuziwamba pamoto ndi kusenza mitolo yolemera, chakudya chili chosakwanira. Ambiri anafera komweko kapena panjira. Ansembe a chipani cha Jesuit, omwe poyamba ankadana ndi chakumwachi, anasintha maganizo, ndipo chapakati pa zaka za m'ma 1600 anakwanitsa kubzala mitengoyi pafupi ndi midzi ya mishoni zawo, ntchito yomwe inali yovuta chifukwa mbewu zake sizimera msanga. Mfumu Charles III ya ku Spain itawathamangitsa mu 1767, minda ija inasanduka tchire, luso lomeretsa mbewu linaiwalika, ndipo anthu anabwereranso kukathyola m'nkhalango.

Nkhondo ya 1864 mpaka 1870, yomwe Paraguay inamenyana ndi Brazil, Argentina ndi Uruguay, inapha anthu ochuluka zedi a dzikolo ndi kulilanda malo ena omera mate. Zitatero, nkhalango zinaperekedwa kwa makampani akuluakulu monga Matte Larangeira ku Brazil ndi La Industrial Paraguaya, ndipo antchito awo, otchedwa mensú, ankamangidwa ndi ngongole zomwe sakanatha kubweza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 njira yomeretsera mbewu inapezekanso, ndipo chigawo cha Misiones ku Argentina, komwe kunakhazikika alimi ochokera ku Poland ndi Ukraine, chinayamba kudzaza ndi minda. Lero Misiones ndi kumpoto chakummawa kwa Corrientes ndiko kumachokera mate yense wa ku Argentina.

Dziko lililonse lili ndi kamwedwe kake. Anthu a ku Uruguay, omwe amamwa kwambiri kuposa onse tikawerengera munthu aliyense, amayenda mumsewu fulasiki ili m'khwapa, chikho chili m'manja, ngakhale kuti masamba awo ambiri amagula ku Brazil. Ku Paraguay, komwe kumatentha, amathira madzi ozizira osakaniza ndi zitsamba zamankhwala, ndipo chakumwacho, chotchedwa tereré, bungwe la UNESCO linachiika pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2020.

Chomwe chimadabwitsa ambiri n'chakuti dziko lomwe lakhala likugula mate wochuluka kuchokera ku Argentina ndi Syria. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu ambiri a ku Syria ndi Lebanon anasamukira ku Argentina kukafuna moyo wabwino, ndipo omwe anabwerera kwawo anatenga masamba ndi bombilla m'katundu wawo. Chizolowezicho chinazika mizu makamaka pakati pa Adruze, gulu la chipembedzo lopezeka ku Sweida m'dziko la Syria ndi m'mapiri a Lebanon, komanso m'matauni a ku Syria monga Yabroud. Kumeneko ambiri amamwera m'katambula kagalasi, nthawi zambiri aliyense kake, ketulo ili pakati. Ngakhale m'zaka za nkhondo yomwe inayamba mu 2011, malondawa sanaime. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pali mphamvu yeniyeni ya mate: sanaufalitse otsatsa malonda ayi, koma anthu wamba omwe anauzolowera pokhala ndi anzawo kuchilendo. Osewera mpira monga Lionel Messi, Luis Suárez ndi Antoine Griezmann, omwe amaoneka atanyamula zikho zawo, angopitiriza njira yomweyo, ndipo zakumwa zam'mabotolo monga Club-Mate ya ku Germany zinabwera mwambowu utazika kale mizu.

Boma la Argentina linakhazikitsa lamulo mu 2013 lonena kuti mate ndi chakumwa cha fuko, ndipo pa 30 Novembala chaka chilichonse amakumbukira tsiku lake polemekeza Andrés Guacurarí, mtsogoleri wa Chiguarani yemwe analamulirapo Misiones. Komabe funso la yemwe amapindula ndi masambawa silinathe. Alimi ang'onoang'ono atachita zionetsero ndi mathirakitala awo podandaula za mitengo yotsika, mu 2002 kunakhazikitsidwa bungwe loyang'anira za yerba mate, lotchedwa INYM, loti lizikhazikitsa mtengo wogulira masamba, koma mu Disembala 2023 boma la Pulezidenti Javier Milei linalichotsera mphamvuyo, ndipo alimi a ku Misiones anabwereranso m'misewu kukadandaula.