Lamulo la mbali ziwiri pa algebra: mafunso ndi mayankho kwa oyamba masamu a ku koleji

Wophunzira amene wangolowa ku koleji n'kukumana ndi algebra m'kosi yoyamba ya masamu amakhala kuti x anamuona kale ku sekondale. Chimene chimamugwetsa si x ayi, koma lamulo limodzi limene analiloweza ngati nyimbo osalimvetsa: chilichonse chimene mwachita mbali imodzi ya chizindikiro cha =, muchitenso mbali inayo. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimamva kawirikawiri ndikakhala pansi ndi ophunzira, ndipo onse amabwerera pa lamulo lomweli.

Kodi lamuloli likunena chiyani kwenikweni?

Ikweshoni ili ngati sikelo ya mbale ziwiri imene yaima molingana. Ku pulayimale tinazolowera kuti chizindikiro cha = chimatanthauza kuti yankho likubwera. Pa algebra chimatanthauza kuti za kumanzere ndi za kumanja ndi nambala imodzi, yangolembedwa m'njira ziwiri. Mukachotsa kanthu m'mbale imodzi yokha, sikelo imapendekeka. Mukachotsa zofanana m'mbale zonse, imakhalabe chiimire.

Tengani 3x + 5 = 20. Chotsani 5 mbali zonse ziwiri, patsala 3x = 15. Gawani mbali zonse ndi 3, mwapeza x = 5. Pa mzere uliwonse simunalembe samu yatsopano. Mwangoipeputsa yomwe ija mpaka x watsala yekha. Mutha kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugawa, bola mbali zonse zilandire zofanana, ndipo pochulukitsa ndi pogawa nambalayo isakhale ziro.

Ku sekondale anatiphunzitsa kuti nambala ikawoloka imasintha chizindikiro. Kodi anatinamiza?

Sanakunamizeni, koma anakupatsani njira yachidule. Palibe nambala imene imawoloka. Pa 3x + 5 = 20, zimaoneka ngati 5 wadumphira kumanja n'kukhala −5, pamene chimene chachitika n'chakuti mwachotsa 5 kumanzere, iye n'kutha, ndipo mwachotsanso 5 kumanja, kumene akuonekera.

Vuto limabwera pa mzere wotsatira. Wophunzira amafika pa 3x = 15, nyimbo ija ili m'mutu, n'kulemba x = 15 − 3, kapena kugawa 15 ndi −3 poti 3 "wawoloka". Mayankho ake amakhala 12 kapena −5, onse olakwika. Uyu sanalephere kuwerengera. Analephera kuona kuti 3 akuchulukitsa x, ndipo kuchulukitsa kumamasulidwa ndi kugawa, osati ndi kusintha chizindikiro. Ine ndimalangiza kuti masabata oyamba a kosi muzilemba m'mbali mwa mzere uliwonse chimene mwachita: "ndachotsa 5", "ndagawa ndi 3". Zimadya nthawi, n'zoona, koma dzanja likazolowera mumasiya nokha kulemba, maganizowo n'kutsala.

Nanga lamuloli linachokera kuti?

Lili m'dzina lenilenilo la phunziroli. Cha m'ma 820, katswiri wina wa ku Baghdad, al-Khwarizmi, analemba buku la Chiarabu lofotokoza njira ziwiri zothetsera masamu otere: al-jabr, kutanthauza kubwezeretsa chimene chachotsedwa pochiphatikiza mbali zonse, ndi al-muqabala, kufananitsa mbali ziwiri pochotsa zofanana. Mawu akuti algebra anachokera pa al-jabr. Chodabwitsa n'chakuti iye analemba zonsezi m'mawu okhaokha, popanda x kapena =. Chizindikiro cha = anachiyambitsa ndi Robert Recorde wa ku Wales mu 1557, ndipo anasankha mizere iwiri yoyenda limodzi chifukwa anaona kuti palibe zinthu ziwiri zofanana kuposa imeneyo. Chizolowezi cholemba x, y ndi z pa nambala zosadziwika chinafala kuchokera kwa René Descartes mu 1637. Choncho maganizo a sikelo ndi akale ndi zaka mazana angapo kuposa zizindikiro zimene zimatiopsazi.

Ndikachulukitsa mbali zonse, bwanji yankho limalakwikabe?

Kawirikawiri n'chifukwa mwachulukitsa kachigawo ka mbali, osati mbali yonse. Onani x/2 + 3 = 7. Pofuna kuchotsa fulakishoni mumachulukitsa ndi 2, koma ambiri amalemba x + 3 = 14, kuiwala kuti 3 nayenso ali m'mbale yomweyo. Zolondola ndi x + 6 = 14, ndipo x = 8. Mankhwala ake ndi mabulaketi: lembani kaye 2(x/2 + 3) = 2(7), kenako mutsegule. Bulaketi imakukakamizani kupatsa aliyense gawo lake.

Matenda omwewa amaonekanso pa sikweya. Anthu ambiri amakhulupirira kuti (a + b)² ndi a² + b². Yesani ndi 3 ndi 4: (3 + 4)² ndi 49, pamene 9 + 16 ndi 25. Zasiyana ndi 24, yemwe ndi 2 × 3 × 4, ndiye kachidutswa ka 2ab kamene kamaiwalika. Mukakayikira lamulo lililonse la zilembo, ikanimo nambala zing'onozing'ono muone. Zikakana ngakhale kamodzi, lamulolo ndi labodza.

Chifukwa chiyani kugawa ndi ziro n'koletsedwa, nanga kukukhudza bwanji ine amene sindilemba ÷ 0?

Kugawa 12 ndi 3 n'kufunsa kuti ndi nambala iti imene ikachulukitsidwa ndi 3 ipereka 12. Kugawa 12 ndi ziro n'kufunsa nambala imene ikachulukitsidwa ndi ziro ipereka 12, ndipo yoteroyo kulibe. Kugawa ziro ndi ziro nakonso sikuthandiza, chifukwa nambala iliyonse ikuyenera, ndiye palibe yankho limodzi loti mulozepo chala.

Palibe wophunzira wa ku koleji amene amalemba ÷ 0 dala. Ziro amabisala m'chilembo. Tengani x² = 5x. Mtima umafuna kugawa mbali zonse ndi x kuti patsale x = 5. Mwachita mbali zonse, inde, koma mwagawa ndi chinthu chimene simukuchidziwa, ndipo ngati x ndi ziro ndiye kuti mwagawa ndi ziro. Zoonadi x = 0 ndi yankho, pakuti 0² = 5 × 0, ndipo mwalitaya osadziwa. Njira yabwino ndi kusonkhanitsa zonse mbali imodzi, x² − 5x = 0, n'kulemba x(x − 5) = 0. Zinthu ziwiri zikachulukitsana n'kupereka ziro, chimodzi mwa izo ndi ziro, motero x = 0 kapena x = 5.

Pali kasewero kakale kamene aphunzitsi amaonetsa pofuna kuchenjeza za zimenezi. Tinene kuti a = b. Chulukitsani ndi a: a² = ab. Chotsani b²: a² − b² = ab − b². Lembani motere: (a + b)(a − b) = b(a − b). Gawani ndi (a − b): a + b = b. Poti a = b, ndiye 2b = b, kutanthauza kuti 2 = 1. Mzere uliwonse ukuoneka woyera, koma a − b ndi ziro kuyambira pachiyambi. Ndimakonda kuti wophunzira aupeze yekha mzere wolakwikawo, ngakhale zimutengere theka la ola, chifukwa amene waupeza yekha sagawanso ndi chilembo asanadzifunse.

Ngati (x − 2)(x − 3) = 6, kodi ndinganene kuti x − 2 = 6 kapena x − 3 = 6?

Ayi. Mwayi umenewo ndi wa ziro yekha. Nambala 6 imapangidwa m'njira zosawerengeka: 2 × 3, 12 × ½, −1 × −6, ndi zina. Tsegulani mabulaketi: x² − 5x + 6 = 6. Chotsani 6 mbali zonse, mwabwerera pa x² − 5x = 0, ndipo mayankho ndi 0 ndi 5.

Ndatsatira lamulo bwinobwino, koma yankho limodzi likukana ndikalibwezera m'funso. Ndalakwitsa pati?

Mwina simunalakwitse paliponse. Pali zochita zina zimene zimasunga mbali ziwiri zili zolingana koma zimalowetsa mlendo. Kupanga sikweya mbali zonse ndi chimodzi mwa izo, chifukwa 1 ndi −1 ndi nambala zosiyana koma sikweya yawo ndi imodzi.

Onani √(x + 2) = x. Sikweya ya mbali zonse ikupatsani x + 2 = x², ndiye x² − x − 2 = 0, kapena (x − 2)(x + 1) = 0. Mwapeza 2 ndi −1. Bwezerani 2: √4 = 2, zikugwirizana. Bwezerani −1: √1 ndi 1, osati −1, chifukwa chizindikiro cha √ chimapereka nambala yosakhala negetivu. Choncho −1 ndi mlendo, mutayeni. Zoterezi zimachitikanso mukachulukitsa ndi chinthu chokhala ndi x pochotsa fulakishoni: yankho lililonse limene likupangitsa pansi pa fulakishoni kukhala ziro silikuloledwa. Pa masamu a mitundu iwiriyi, kubwezera yankho m'funso loyamba ndi gawo la samu, ndipo amene walumpha pamenepa sanamalize.

Kodi lamuloli limagwiranso pa masamu a zizindikiro za < ndi >?

Limagwira, koma pali pamodzi pofunika maso. Mukachulukitsa kapena kugawa ndi nambala ya negetivu, chizindikiro chimatembenuka. Chifukwa chake chili pa mzere wa nambala: 2 ndi wochepa kuposa 5, koma −2 ndi wamkulu kuposa −5, poti ali kumanja kwake. Ndiye −2x < 6 imakhala x > −3. Ngati mwaiwala kolozera, yesani x = 0 m'funso loyamba: 0 < 6 n'zoona, ndipo 0 ndi wamkulu kuposa −3, ndiye mwatembenuza bwino. Pophatikiza ndi pochotsera chizindikiro sichigwedezeka.

Nanga x akasowa pakati pa samu?

Musachite mantha, werengani chimene chatsala. Pa 2(x + 1) = 2x + 2, mukachotsa zofanana mutsala ndi 0 = 0, zimene n'zoona nthawi zonse, choncho nambala iliyonse ndi yankho. Pa 2x + 1 = 2x + 3 mutsala ndi 1 = 3, zosatheka, choncho palibe yankho. Ambiri akafika apa amalemba x = 0 chifukwa chosowa cholemba, koma x = 0 ndi yankho lenileni, losiyana kotheratu ndi kunena kuti yankho palibe.

Kodi ndilembe mizere yonse ngakhale yankho ndaliona kale m'mutu?

Lembani. Mphunzitsi wochonga amaona maganizo anu kudzera m'mizereyo, ndipo m'makosi ambiri njira imakhala ndi malikisi ake ngakhale yankho lomaliza litaphonya. Koposa apo, mizereyo imathandiza inu nomwe: yankho likakana, mumabwerera mzere ndi mzere mpaka kupeza pamene sikelo inapendekeka. Ikweshoni iliyonse ikhale pa mzere wake, chizindikiro cha = chimodzi pa mzere. Musalumikize zinthu zosalingana, monga kulemba 3x = 15 = 5, chifukwa 15 si 5. Lembani 3x = 15, mutsike mzere, kenako x = 5.