Ntchito ya pakhomo ku Oman: msampha umatcheredwa ndege isananyamuke

M'chaka cha 2024 atolankhani a BBC adaulula nkhani ya amayi oposa 50 a ku Malawi kuno amene adakodwa m'makomo a mabwana ku Oman. Ena adauzidwa kuti akupita ku Dubai, koma adakapezeka ali ku Muscat, likulu la dziko la Oman. Pasipoti adalandidwa atangofika, ntchito ankayamba mbandakucha kukaweruka pakati pa usiku, ena ankamenyedwa ngakhale kugwiriridwa kumene. Chidawathandiza ndi gulu la pa WhatsApp limene adayambitsa a Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, mogwirizana ndi bungwe la Do Bold, lothandiza anthu ogwira ntchito kunja kwa maiko awo. Boma la Malawi lidati lidawononga madola oposa 160,000 pobweza amayi 54.

Ife amene timalangiza anthu za malamulo a zantchito timamva funso limodzimodzi kuchokera kwa abale: nanga bwanji sadangochoka? Kuno wantchito akatopa ndi adona amamanga katundu wake n'kukakwera minibasi. Ku maiko a Aluya a ku Gulf, monga Oman, sizitheka chotero, chifukwa cha dongosolo lotchedwa kafala. M'dongosololi viza ya wantchito imamangiriridwa pa dzina la bwana amene adamuitanitsa. Bwanayo ndiye chilolezo chake chokhalira m'dzikomo. Mayi akatuluka pageti popanda chilolezo, bwana amakanena kupolisi kuti wantchito wathawa, ndipo amene wazunzidwa uja ndiye amasanduka wolakwa, wofunidwa ndi apolisi, woti angatsekeredwe ndi kulipitsidwa chindapusa. Lamulo lalikulu la zantchito la Oman la 2023 silikhudzanso antchito a pakhomo. Iwo amayendera malamulo apadera a unduna, ndipo palibe woyendera malo a ntchito amene amalowa m'khitchini mwa munthu tsiku ndi tsiku.

Pamwamba pa kafala pali ndalama. Bwana amakhala atalipira ejenti ndalama zambiri kuti amupezere wantchito, ndipo mumtima mwake amaona ngati adagula munthu. Mayi akati akufuna kubwerera kwawo, yankho limakhala lakuti abweze kaye ndalamazo, zimene iye sadazione n'komwe. Apa ndiye pamavuta kwambiri pomasula munthu, ndipo nthawi zambiri zimatheka pokambirana ndi bwanayo kwa masabata kapena miyezi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ejenti woyamba sakhala mlendo. Amakhala mnzake wa kutchalitchi kapena kumzikiti, mlamu, mayi wa pamsika amene ali ndi mbale wake "kunjako". Amalankhula Chichewa, amadziwa kuti geni yagwa ndipo ana athamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi. Amati tikiti ndi viza n'zaulere, pasipoti akuthamangitsira yekha, ungonyamula chikwama. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: zaulerezo ndiyo ngongole imene idzakumange kutsogolo. Lamulo lathu la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu limati wotenga munthu mwachinyengo kuti akamudyere masuku pamutu angakhale kundende zaka 14, ndipo kuvomera kwa wopusitsidwayo sikuchotsa mlandu. Dobadoba wa m'mudzi amene adangolandira "ya sopo" polumikizitsa mtsikana nayenso angagwe mu mlandu womwewu.

Sindikuuza munthu kuti asapite. Amene akuona malipiro a kuno sangamvere zimenezo, ndipo alipo amayi amene adapeza mabwana abwino n'kumanga nyumba kwawo. Koma pali zinthu zimene bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, lidalemba m'pangano lake la nambala 189 la mu 2011 zimene munthu angagwiritse ntchito ngati muyeso poyesa ejenti. Panganoli likuti wantchito wa pakhomo wopita kunja alandire mgwirizano wolembedwa asanadutse malire, asunge yekha pasipoti yake, apume maola 24 otsatizana sabata iliyonse, ndiponso kuti ndalama za ejenti zisadulidwe pa malipiro ake. Palibe dziko la ku Gulf limene lidavomereza panganoli, choncho silingakuteteze m'khoti la ku Muscat. Komabe ejenti amene akuzemba mafunso anayi amenewa wadziulula yekha. Pemphani mgwirizanowo m'chilankhulo chimene mukumva, wokhala ndi dzina la bwana, mzinda, malipiro ndi tsiku lopuma, ndipo mupite nawo ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu akautsimikize. Onaninso viza: yalembedwa dziko liti, ndipo ndi ya ntchito kapena yongokacheza? Woti "mgwirizano ukasainira konko" musiyeni.

Musananyamuke jambulani pasipoti, viza, tikiti ndi mgwirizano, musiyire m'bale wodalirika. Lowezani pamtima nambala imodzi ya kumudzi, chifukwa foni imalandidwa. Mukafika, tumizani pa WhatsApp malo enieni a nyumbayo tsiku loyamba lomwelo. Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Muscat, ndiye kadontho ka pa mapu kameneko nthawi zina ndiko kokha kamene othandiza amayambira.

Abale otsala kuno ali ndi mbali yawo, ndipo apa timalakwitsa kwambiri. Mwana akaimba akulira, ambiri amati pirira, ndalama za ejenti tizitenga kuti, anthu atiseka. Mayi amene wauzidwa choncho saimbanso. Akaimba, mumvetsereni, musunge mauthenga ndi zithunzi zonse, mulembe dzina ndi nambala ya ejenti wa kuno, ndipo mukanene kupolisi ndi ku unduna woona za ubale ndi maiko akunja. Musathamangire kutumizira ejenti ndalama zoti amumasule, chifukwa ena amadya kawiri. Musamulimbikitsenso kuthawa usiku asanadziwe kumene akupita ndi amene akamulandire, poti mlandu wothawa uja umayamba pomwe bwana waimba foni kupolisi. Ndipo akabwera chimanjamanja pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena ku Chileka, woyamba kumuona akhale dokotala, mafunso a ndalama adikire.