Udzudzu wa Anopheles stephensi sunapangidwe ndi asayansi

Pa intaneti pakumveka mphekesera yakuti udzudzu wachilendo wotchedwa Anopheles stephensi, womwe ukufalitsa malungo m'mizinda ya kumpoto chakum'mawa kwa Africa, unachita kupangidwa ndi asayansi n'kumwazidwa dala. Nkhaniyi ndi yabodza.

Udzudzuwu wakhala ukudziwika kuyambira kalekale ku India, Pakistan ndi Iran. Mu Africa unapezeka koyamba mu 2012 ku Djibouti, komwe kuli doko lofikirako sitima zambiri za katundu, kenako ku Ethiopia mu 2016, ku Nigeria mu 2020 ndi ku Kenya mu 2022. Akatswiri atayeza DNA ya udzudzu wogwidwa ku Ethiopia, anapeza kuti chibadwa chake chikufanana ndi cha udzudzu wachilengedwe wa ku Asia, ndipo akuganiza kuti unadzera m'sitima.

N'zoona kuti mu 2024 kampani ya Oxitec inatulutsa udzudzu wosinthidwa chibadwa ku Djibouti, koma apa n'kuti padutsa zaka 12 chifikireni udzudzu wachilendowo. Umene anatulutsawo unali wamphongo, womwe suluma munthu, ndipo cholinga chinali chakuti ana ake aakazi azifa asanakule.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti pamene tikulimbana ndi mphekesera, udzudzuwu ukuswana m'mathanki, m'migolo ndi m'matayala akale ngakhale m'chilimwe, pomwe udzudzu womwe tinauzolowera umadalira kwambiri zithaphwi za nthawi ya dzinja. Ku Djibouti odwala malungo anali 27 okha mu 2012, koma pofika 2020 anapitirira 73,000.