Tisanakulitse misewu ya Mzuzu, tione kaye amene akuyendamo

Anthu akamva kuti ntchito yanga ndi yokonza mapulani a mizinda amangoti nde mutikulitsire misewu mtauni muno, magalimoto achuluka. Ndimawamvetsa ndithu, cha mma 5 koloko madzulo pa msewu wa Orton Chirwa masienta amakhala atapanikizana, kwinaku mathanki a mafuta ochokera ku Dar akudutsa pa M1. Koma kukulitsa msewu kumangopepuza zinthu kwa zaka zochepa basi. Msewu ukatakasuka amene ankasiya galimoto kunyumba poopa jamu amayamba kuitulutsa, wina amene ankakwera minibasi amaitanitsa yake, ena amakamanga kutali podalira kuti azifika msanga, nde posakhalitsa wadzadzanso ndalama zitapita kale.

Mwayi wa Mzuzu ndi woti sitinafike poipa. Pa kalembera wa 2018 tinalipo anthu 221,272 ndipo ambiri mwa ife tilibe galimoto. Imani mmawa panjira yochokera ku Chibavi, Mchengautuwa kapena Zolozolo muone, ndi anthu apansi, ana asukulu, amayi atasenza mabeseni a tomato kupita kumsika, masacramento (akabaza a njinga zopalasa) ndi njinga zamoto. Anthu amenewa ndi amene akuyendetsa mzindawu koma pamsewu alibe malo awo. Wa sacramento amapalasa mmphepete penipeni pomwe tala anadyeka, kasitomala ali pa kushoni kumbuyo, kumanzere kuli ngalande yosavindikira kumanja thiraki ikumuimbira huta, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa, ikangogwa mphepete monsemo ndi matope oterera. Munthu amene wadutsa mu zimenezi akangopeza kandalama chinthu choyamba amagula galimoto, ndipo sindingamunene. Kudalira galimoto kumayamba choncho, anthu amathawa njira zina chifukwa ndi zoopsa.

Nde ine ndikanati ndalama yoyamba ipite ku njira za oyenda pansi, ngalande zivindikiridwe, komanso kanjira ka njinga kochokera ku Luwinga, komwe kuli Mzuni ndi chipatala chachikulu, kukafika mtauni. Kanjira kake kakhale kotchinga ndi konkire osati kungopaka penti, penti madalaivala saiopa, amaimikapo galimoto tsiku lomwelo. Akabaza akhale ndi masiteji odziwika okhala ndi kadenga, alembetsedwe, avale mahelimeti, mmalo momangowathamangitsa mtauni ngati kuti si iwo amene akufikitsa anthu kumakomo komwe minibasi siingalowe.

Za kulipiritsa paking'i anthu amakwiya nazo koma ndimazivomereza, bola khonsolo izionetsa poyera kuti ndalamayo yamanga njira iti. Galimoto imodzi yoima tsiku lonse kutsogolo kwa shopu imadya malo omwe pangakwane njinga zingapo, si chilungamo kuti malo amenewo akhale aulere.

Amene mumapita ku Dar kukaoda katundu mwaona mabasi a mwendokasi aja, anayamba mu 2016 ndipo ali ndi njira yawoyawo pakati pa msewu wa Morogoro moti amadutsa magalimoto ena ali chiimire. Ife sitinafike pofuna zimenezo, anthu ake ndi ochepa ndipo mtengo wake ndi waukulu. Chomwe tingatengeko ndi kusunga malo lero, malo a mmbali mwa misewu ikuluikulu asagawidwe maploti kapena kumangidwa mashopu, chifukwa kudzagwetsa ndi kulipira chipukuta misozi kumadula kwambiri kuposa kuletsa pachiyambi. Chimodzimodzi madera atsopano, pogawa maploti pasiyidwe malo a msika, sukulu ndi kachipatala kuti munthu asamakwere kupita mtauni pa chilichonse.

Palinso nkhani ya mafuta. Pafupifupi dontho lililonse timaitanitsa kunja ndi madola, kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya thiransipoti inakwera nthawi yomweyo, ndipo mizere ya pa filing'i sitesheni ikayamba mzinda wodalira galimoto umaima. Masiku amenewo wa sacramento amagwirabe ntchito yake.

Khonsolo ikamaitana anthu kuti apereke maganizo pa bajeti, kapena khansala wanu akabwera kumsonkhano wa mdera, mufunseni kuti pa msewu umene akulonjezawo mwana wopita kusukulu ndi wa njinga azidutsa pati, ndipo akuonetseni pa pulani pomwe ajambula.