Zaka 50 za likulu: anajambula Lilongwe ndani?

Mu 2025 Lilongwe anakwanitsa zaka 50 ali likulu, koma pakamwa pa anthu panali nkhani ya misewu: kodi kukuza msewu wa Kenyatta kuthetsa mizere ya galimoto m'mawa? Ine ndimaona kuti gwero la vutoli lili mu 1968.

Dziko litangolandira ufulu, Kamuzu Banda anafuna kuchotsa likulu ku Zomba. Boma linkati chuma chaunjikana kum'mwera, ndipo likulu latsopano likokera chitukuko pakati ndi kumpoto. Olemba mbiri ena amati Kamuzu, mwana wa ku Kasungu, ankangokokera kwawo. Mwina zonse ziwiri n'zoona. Britain inakana kulipira, ndiye iye anatembenukira ku South Africa ya tsankho, yomwe inabwereketsa ndalama zokwana 8 miliyoni rand. Mu 1968 momwemo kunakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation, ndipo pulani ya mzinda anailemba Gerke ndi Viljoen a ku South Africa.

Pulaniyo ndi zina zimene zinabwera pambuyo pake zinamwaza mzinda. Old Town uku, Capital Hill uko, mafakitale ku Kanengo, Lumbadzi kutali kumpoto, pakati pake tchire ndi mitengo. Mabwana analandira mapuloti aakulu ku Area 10 ndi Area 12, pafupi ndi maofesi; anthu wamba anawaika kunja, monga ku Area 25. Ena amati apa pali fungo la tsankho la kwawo kwa olembawo, ena amati ankangotsata maganizo a Angerezi a mzinda wa mitengo ndi kapinga. Kaya ndi ziti, akatswiri a chuma cha mizinda amati phindu la tauni limachokera pa kuyandikana: wantchito pafupi ndi ntchito, paipi imodzi ya madzi kumwetsa mabanja ambiri. Kuno mtunda uliwonse wowonjezera amaulipira ndi wosauka, pa minibasi kapena pa kabaza.

Boma linasamuka mu 1975, Nyumba ya Malamulo inatsalira ku Zomba mpaka 1994.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzindamu, ndipo ambiri akukhala m'malo omwe pulani sinawawerengere, monga ku Mtandire, Mgona, Kauma ndi Chinsapo. Timafulumira kuwanena kuti anamanga mwachisawawa. Koma mlonda wa ku Area 47 wokhala ku Mtandire amapita ku ntchito wapansi, ndipo ndalama ya minibasi ija amagulira ufa.